Woweruza nyimbo masiku ano ndi kasipika ka foni

Nyimbo yatsopano ikatuluka, ambirife timayamba kuimva pa kasipika ka foni, timabowo tija tili m'munsi pafupi ndi polowetsera chaja. Woyimba wataya masabata mu situdiyo, pulodyusa wachezera usiku akukonza besi pa masipika akuluakulu, koma mlandu umakagamulidwa pa timabowo timeneto: mu minibasi, pa sitatasi ya WhatsApp, pa benchi yodikirira kumeta. Masekondi 10 oyamba akapanda kukugwira, chala chapita kale pa ina. Miyezi yapitayi ndakhala ndikutchera khutu ku zimene zikutuluka kuno kwathu, komanso za ku South Africa ndi ku Nigeria kumene anyamata athu amaonera, ndipo ndaona kuti oyimba akumudziwa bwino amene akuwaweruza. Akuyimbira foni. Sindikunena monyoza, ngakhale zilipo zina zondiwawa.

Tamverani mmene nyimbo ya lero imayambira. Pulodyusa watchula dzina lake, ng'oma zagunda kawiri katatu, kolasi yafika. Kale chiyambi chinkakhala chachitali: gitala iyambe yokha, kiyibodi ilowe, woyimba apereke moni kwa anzake a ku Ndirande ndi ku Kawale, ndiye nyimbo iyambe. Lero kutero n'kuthamangitsa omvera, ndipo chifukwa chake chilipo. Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti imene inayamba ku Sweden mu 2008 n'kudzafika ku Malawi mu 2021, imawerengera kuti nyimbo yamvedwa pokhapokha munthu atakhala nayo masekondi 30. Akachoka pa sekondi ya 25, woyimba sapeza kanthu. TikTok nayo imangofuna kachidutswa kovinika, ndipo kachidutswako kakakoma ndiye kuti nyimbo yonse yagulitsidwa. Choncho mphindi ziwiri ndi theka zakwana. Ndime yachiwiri imalembedwa mothamanga, poti aliyense akudziwa kuti ofikako ndi ochepa.

Chondisangalatsa n'chakuti Chichewa chabwerera kutsogolo. Inalipo nyengo imene mnyamata wa ku Chilobwe ankalimbana ndi kutafuna Chingerezi cha ku America, mwina poganiza kuti ndiyo njira yotulukira kunja. Pano ambiri akuyimba mmene amalankhulira pa siteji ya basi, ndi mawu a m'tauni amene agogo sangatolepo kanthu, ndipo zikumveka zamoyo. Ng'oma za manganje nazo zalowa mu situdiyo. Sizikubwera ngati zokongoletsa za pa tsiku la chikhalidwe ayi, ndizo zikunyamula nyimbo zovinidwa pa chinkhoswe ndi m'mabala momwe. Pamenepo ndimaomba m'manja.

Chondiwawa ndi besi ija ya amapiano, imene eniake ku Pretoria ndi ku Johannesburg amaitcha log drum. Kwawoko nyimbo ya amapiano siithamanga. Imatha mphindi 6 kapena 7, imayamba ndi timaseche ndi piyano, besi n'kudzagwa wovina atayamba kale kutuluka thukuta. Ife tatola besi yokhayo n'kuiponya pa sekondi yoyamba, pa nyimbo ya chikondi, ya chisoni, ya tchalitchi, zonse chimodzimodzi. Ukamvera zatsopano zingapo motsatizana umayamba kuyang'ana pa foni kuti uone ngati yasintha nyimbo kapena ikubwereza yomwe ija.

Mbali ina ndi fashoni chabe, idzatha. Koma mbali ina ndi yakuti besi imeneyi imamveka pa foni, pamene ya reggae siimveka. Khutu la wachinyamata limamva mawu kuyambira cha pa 20 Hz, amene ndi otsikitsitsa, mpaka cha pa 20,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa mawu). Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimalira cha pa 41 Hz. Kuti mawu otsika chonchi atuluke pamafunika sipika yaikulu yokankha mpweya wambiri, ndipo kasipika ka foni, kosaposa chikhadabo kukula kwake, sikangakwanitse. N'chifukwa chake besi yofewa ya reggae ya ku Chileka kapena ku Balaka imangosowa pa foni, n'kutsala mawu a woyimba ndi gitala yodula ija. Log drum ili ndi kugunda kouma pamwamba pake, kumene kasipika kamatha kutulutsa, ndipo ubongo ukamva zapamwambazo umamalizitsa wokha zapansi zimene sizinatuluke. Mapulodyusa amadziwa zimenezi. Amaithira dala kaukali besiyo kuti idutse pa timabowo tija.

Nkhani ina ndi ya phokoso. Nyimbo zambiri zatsopano zafinyidwa kuti paliponse pakhale pokwera, ponong'ona ndi pofuula osasiyana. Mpikisano umenewu unakula m'zaka za m'ma 1990 pa nthawi ya ma CD, aliyense akufuna kuti yake imveke kuposa ya mnzake. Zoseketsa n'zakuti Spotify ndi YouTube zimatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kuti zilingane ndi zinzake, ndiye wofinya uja kumeneko sapindula kanthu, amangotsala ndi nyimbo yotopetsa makutu. Koma kuno nyimbo zambiri siziyenda njira imeneyo. Zimayenda pa memori khadi, pa fulashi ya adalaivala, pa Bluetooth kuchoka foni ina kupita ina, ndipo kumeneko wofuula ndiye amamveka. Ndiye sindingamuimbe mlandu kwambiri pulodyusa wa m'kachipinda ka lendi amene akukweza mpaka zofiira ziyake.

Tisamaganize kuti oyimba akale anali pa ufulu. Chida chomvera chakhala chikulamula kuyambira kalekale. Mbale za galamafoni, zija zozungulira ka 78 pa mphindi, zinkanyamula mphindi pafupifupi zitatu mbali imodzi, ndipo utali wa nyimbo ya pa wailesi unachokera kumeneko. Makolo athu ankamvera MBC pa wailesi ya Nzeru, ya sipika imodzi, mabatire ake oyanika padzuwa akafooka. Banjo ya malemu Allan Namoko a ku Thyolo inkadutsa bwino pa wailesi yotero, chifukwa banjo imalira pamwamba, pamene sipika yaing'ono ili ndi mphamvu. Kenako inabwera kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ndipo kuno inalamulira mpaka m'zaka za m'ma 2000, nthawi imene woyimba akamaliza kujambula ankalunjika kwa O.G. Issa, wogulitsa makaseti ku Limbe.

Kaseti inali ndi khalidwe lake. Kudumpha nyimbo kunkadya mabatire, ndiye unkangoisiya iziyenda, apo ayi uipukuse ndi bolopeni. Chifukwa cha kuumira kumeneko tinkamva chimbale chonse, ndipo kawirikawiri nyimbo imene unkadzaikonda pakatha mwezi sinali yotchuka pa wailesi ija, inali ina yobisala ku mbali B. Rumba ya ku Congo nayo inatiphunzitsa kudikira: mphindi zingapo zoyamba woyimba akudandaula za mkazi wake, kenako magitala n'kutembenuka, sebene yayamba, mipando yatsala yokha. Chokoma chinali pakati. Chimenecho ndicho foni yachotsa, ndipo ndikamvera zimbale zatsopano ndimaona kuti ambiri sakuvutikanso n'kuchiikamo. Chimbale changokhala thumba losungira nyimbo zimene zinatuluka kale imodziimodzi.

Tsopano za zida zomvera, poti anzanga amakonda kundifunsa kuti agule chiyani. Yankho langa silisangalatsa ambiri: gulani ma earphone a chingwe. Kuyambira 2016, pamene Apple inachotsa bowo la mahedifoni pa iPhone 7 n'kutulutsa AirPods, dziko lonse latengeka ndi tinthu topanda chingwe, ndipo m'misika ya Limbe ndi Lilongwe mwadzaza tofanizira, toyera mbee, m'timabokosi tokongola. Koma taganizani. Kanthu kameneko kayenera kukhala ndi batire, kachipangizo ka Bluetooth, maikolofoni ndi kasipika, zonsezo kawiri, kuphatikizapo batire la kabokosi. Ngati zonsezi zikugulitsidwa pa mtengo wa nkhuku imodzi, ndalama yotsalira kasipika kenikeniko ndi yochepa zedi. Za chingwe za mtengo womwewo, ndalama yonse yapita pa kasipika ndi waya basi. Sizifuna kutchaja, imene si nkhani yaing'ono magetsi akathima. Sizichedwetsa mawu ukamaonera kanema. Kamodzi kakasololoka m'khutu kamangolendewera pachifuwa, sikagubuduzika kukalowa m'ngalande. Mabatire a topanda chingwe amafooka pakapita zaka zochepa ndipo ambiri sasinthika, umangotaya chonse. Mwayi wake ngwakuti mafoni ambiri otsika mtengo a Tecno, Itel ndi Infinix, amene onse ndi a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, akadali nalo bowo lija.

Zija amati noise cancelling zimagwira ntchito ndithu, kungoti osati mmene wogulitsa angakuuzireni. Timaikolofoni timamva phokoso lakunja, kachipangizo n'kupanga mawu otsutsana nalo kuti ziwirizo zifafanizane. Zimatheka bwino pa phokoso losasinthasintha, monga kulira kwa injini ya basi ya ku Mzuzu kapena jenereta ya aneba. Mwana akalira kapena kondakitala akakuwa, mumva basi. Ndipo ngati mumayenda pansi m'mbali mwa msewu wodzaza njinga zamoto za kabaza, kusamva zochokera kumbuyo si chinthu choti muchilipirire ndalama.

Pa masipika a Bluetooth pali bodza limodzi limene lakhalitsa, la manambala a pa katoni. Mupeza palembedwa mawati masauzande, pambali pake timalemba takuti PMPO. Nambala imeneyo ilibe muyezo umene opanga onse anagwirizana, aliyense amalemba imene yamukomera. Yothandiza ndi ya RMS, imene imakhala yaing'ono kwambiri, ndipo ena sailemba n'komwe. Pogula, pitani ndi nyimbo yanu imene mumaidziwa bwino, ya mawu a munthu ndi gitala, musalole yokhayo imene wogulitsa wakonzeratu. Kwezani kudutsa pakati mumve ngati mawu ayamba kusweka. Kenako inyamuleni. Sipika yabwino imalemera chifukwa cha maginito ndi batire. Timagetsi tothwanima tija sitiyimba.

Apa ndionjezepo za makutu, chifukwa amenewo sagulitsidwa pa msika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati achinyamata opitirira 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Malire ake kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza kufika pa 90 maolawo amatsika kufika pa 4 okha. Kulira kwa m'makutu kuja umamva pochoka ku dansi ndi chizindikiro chakuti mkati mwavulala, ndipo timaselo ta m'khutu tikafa sitimeranso. Ma earphone osatseka bwino khutu ndiwo amachititsa munthu kukweza mpaka kumapeto mu minibasi. Nthawi zina kungosintha timalabala take, kuika tokukwanani, kumabweretsa besi imene mumaganiza kuti mulibe.

Komabe chida chabwino sichingakonze fayilo yoonongeka. Nyimbo ya pa CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, pamene MP3 ya 128 kbps imadya 1 MB yokha. MP3 imachepetsa potaya tizigawo ta mawu timene khutu silingatizindikire msanga, ndipo zikachitika kamodzi palibe vuto lalikulu. Koma nyimbo imene mnyamata wa pamsika wakuikirani mu memori khadi mwina inachotsedwa pa kanema wa YouTube, wina anaiika pa sitatasi, wina anaijambulanso kumeneko, wina n'kuisandutsanso MP3. Paliponse ikutaya kenakake. Pofika kwa inu maseche ndi zitsulo za ng'oma zikumveka ngati jumbo yofwanyidwa m'manja. Woyimba akatulutsa nyimbo, ndi bwino kuitenga kumene waiika yekha, ngakhale bandulo ilire.

Foni yomweyi yagwiranso nkhani zopeka, ndipo matenda ake ndi omwewo. Ndikafuna kuwerenga nkhani yatsopano ya m'Chichewa ndimaipeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. M'sitolo za mabuku mashelefu ambiri ndi a mabuku a sukulu ndi a mapemphero. Pa foni ndiye kuli Gawo 1, Gawo 2, mpaka magawo makumimakumi, owerenga ali m'munsimu kukuwa kuti adimini, gawo lotsatira lili kuti, tagona osadya ife. Amene amakonda kunena kuti Amalawi sawerenga apite akaone kumeneko nthawi ya 10 koloko usiku.

Ndimawalemekeza olemba amenewa. Makambirano awo ndi enieni. Alandilodi akamalankhula umawaona ataima pakhomo, apongozi akamazungulira nkhani umadziwa kumene akupita. Akulemba za katapila, za mtsikana wa ntchito ya m'nyumba, za mwamuna amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, zinthu zimene mabuku a silabasi amazidutsa cham'mbali. Chichewa chake n'chosapesa, kalembedwe ka mawu aliyense ndi kake poti palibe mkonzi, koma chili ndi magazi.

Vuto ndi lakuti gawo lililonse liyenera kuthera pa phompho, apo ayi mawa anthu sabwera. Ndiye wina akomoke, wina apezeke ndi mimba, galimoto igubuduzike, zotsatira za DNA zibwere, sing'anga aulule. Pofika Gawo 30 m'banjamo aliyense wagonapo m'chipatala. Munthu wa m'nkhani sapatsidwa mpata wongokhala pakhonde n'kuganiza, ndipo ife owerenga sitimudziwa, timangodziwa zimene zamugwera. Wolemba amawerenga makomenti n'kumakhotetsa nkhani kutsata ofuula kwambiri, mpaka woipa uja, amene ndiye ankainyamula nkhaniyo, aphedwe msanga chifukwa anthu akwiya naye. Mathero amabwera mothamanga, kapena sabwera n'komwe, wolemba wayamba ina.

Kutulutsa nkhani m'magawo si kwachilendo. Charles Dickens ankatero ku London kuyambira 1836, mwezi ndi mwezi, ndipo naye ankadziwa kusiya owerenga m'malere. Kusiyana kwake n'kwakuti gawo lake linali la masamba ambiri, lokwana nthabwala, kufotokoza malo ndi anthu ongodutsa. Kwathu kuno Samuel Ntara analemba Nthondo mu 1933, kutsata munthu mmodzi kuyambira ali khanda mpaka atakhala mfumu, mosathamanga. Chichewa chimatha kuyenda ulendo wautali. Chimene sichilola ndi kagalasi ka foni, kamene munthu amawerengapo chala chili chokonzeka kutsetsereka, uthenga wa gulu la maliro ukulowa pamwamba.

Koma pali chinthu chimodzi chimene foni imachita bwino kuposa zonse, ndipo sitikuchigwiritsa ntchito mokwanira. Foni inapangidwira mawu a munthu. Matelefoni akale ankanyamula mawu a pakati pa 300 Hz ndi 3,400 Hz okha, ndipo zinkakwana kuti uzindikire amene akulankhula ngakhalenso kudziwa kuti wakhumudwa. Kasipika kamene kamalephera besi kamatulutsa mawu a munthu bwinobwino. Taonani zimene zinachitika ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Zimene anajambula ndi Patience Namadingo mu 2020 zinafalikira pa TikTok chakumapeto kwa 2021 mpaka kumaiko kumene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa. Sikuti anthuwo anakopeka ndi besi. Anamva mawu a nkhalamba ya zaka 90 ikuyimba mosangalala, ndipo mawu amenewo anadutsa pa timabowo tija osataya kanthu.

Nkhani zathu zinayamba ndi khutu, maso anabwera pambuyo. Tisanadziwe zilembo kunali padangotelo ndi tili tonse. Pa MBC anthu ankasiya zochita kuti amvere masewero a Kapalepale ndi Pamajiga, mudzi wonse pa wailesi imodzi. Ndiye chimene ndikulakalaka n'chakuti olemba a pa Facebook aja ayambe kujambula nkhani zawo m'mawu. Ola lathunthu la munthu akulankhula, pa 64 kbps, limadya pafupifupi 29 MB, zochepa kuposa timakanema tingapo ta pa TikTok. Lingayende pa WhatsApp, pa memori khadi, pa kawailesi kaja kolowetsa fulashi kamene agogo amakhala nako pakhonde. Lingamufike mayi amene akukazinga mandasi m'bandakucha, mlonda wa usiku, telala, mlongo wathu amene akusita zovala za abwana ku Cape Town, ndi aja maso awo sakuonanso timalemba ta pa foni. Ndipo munthu amene manja ake ali pa ntchito sadumpha. Amamvera zonse, ndi pakati pomwe, choncho wolemba angathe kumusiya munthu wake akhale pakhonde kwa mphindi zisanu popanda kugubuduza galimoto.

Zofunika si zambiri. Chipinda chachete, matiresi oimika kukhoma kuti mawu asabwerere, foni yoikidwa pa mtunda wa chikhatho kuchoka pakamwa, ndi kujambula usiku agalu ndi mabala atatopa. Nkhani ikhale yako kapena mwini wake avomereze, poti umwini wa zolemba ndi wotetezedwa ndi lamulo ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 pa ntchito imeneyo. Kulipira kwake njira ilipo kale, Airtel Money ndi Mpamba, ndipo munthu amene amagula bandulo kuti awerenge Gawo 41 sangakanike kuponya kangachepe kuti alimve likuwerengedwa bwino.

Povuta ndi pa wowerenga. Asakhale wa mawu a nkhani za pa wailesi, wotchula liwu lililonse ngati akulengeza za boma. Asakhalenso wa zisudzo za kusukulu, wosintha mawu kukhala opyapyala akafika pa mkazi ndi onjenjemera akafika pa nkhalamba. Pakufunika munthu amene anakhalapo pa bwalo la milandu ya banja, amene akudziwa kuti apongozi akakwiya zenizeni sakweza mawu, amayamba n'kufunsa ngati ana adya.